Wolowa mochedwa m'gemu yakale raid aipeza, bola agogode pa khomo loyenera

Pali mkangano umene sukutha pakati pa achinyamata osewera magemu a pa intaneti mu Blantyre muno. Umabuka m'magulu a WhatsApp, umabuka m'mahositelo a ophunzira ku Chichiri, umabukanso anthu akakhala pa benchi ku Ndirande kapena ku Zingwangwa kudikira kuti magetsi ayake. Munthu akangonena kuti akufuna kuyamba World of Warcraft, Final Fantasy XIV, Guild Wars 2 kapena Old School RuneScape, pamapezeka womuuza kuti wafika anthu atasamba kale m'manja, nsima inatha. Amati magemu amenewa ali ndi eni ake, anthu amene akhalamo zaka 10 kapena 20. Wobwera lero, iwo amatero, angathe kumayendayenda yekha m'tchire kupha tinyama, koma ku raid, kumene anthu 8, 10, 20 kapena kuposa amagwirizana kugwetsa chilombo chachikulu chotchedwa boss, sadzaitanidwako. Ena amapitirira n'kunena kuti wokakamira ali ndi njira imodzi yokha, kutulutsa ndalama kuti madolo amunyamule.

Maganizo amenewa ndikuwakana ndi mtima wonse, chifukwa akubweza achinyamata pakhomo pa chinthu chimene chikanawasangalatsa zaka zambiri, ndipo ena akuwatayitsa ndalama zimene anazipeza movutikira. Kuchedwa pakokha sikutsekera munthu kunja kwa raid. Chimene chimagwetsa wobwera mochedwa n'chakuti amakafuna malo pa mndandanda wa anthu osadziwana, ofuna kumaliza msanga n'kukagona, m'malo molowa guild, gulu lokhazikika la osewera, imene ili ndi tsiku lophunzitsa atsopano. Wa ku Blantyre akasankha seva (kompyuta yaikulu imene gemu imayendera) ya ku Ulaya, n'kukwera makwerero amene gemu inaika osadumpha, n'kukonza za magetsi ndi netiweki asanalonjeze anthu, raid adzailowa popanda kulipira womunyamula. Koma otsutsa ali ndi mfundo zawo, zina zolemera ndithu, ndipo ziyenera kuyankhidwa.

Imene imamveka kwambiri ndi ya zida. Amati World of Warcraft inatuluka mu 2004, Guild Wars 2 mu 2012, Final Fantasy XIV m'maonekedwe ake a lero mu 2013. Nanga woyamba chaka chino angafanane bwanji ndi amene akhala akuunjika malupanga ndi zovala zankhondo nthawi yonseyi? Funsoli likuchokera pa kusadziwa mmene magemuwa amapangidwira. Kampani imene imadya pa osewera singalole kuti watsopano alephere kupeza anzake, choncho imafafaniza dala mpata umenewo. Mu World of Warcraft, chigawo chatsopano cha gemu chikatuluka, zida zimene munthu anazivutikira miyezi mu raid yakale zimapambanidwa ndi zimene amalandira pa tintchito wamba ta m'dziko latsopanolo, ndipo nyengo iliyonse ya raid imakweza nambala ya mphamvu ya zida, imene amaitcha item level. Mu Final Fantasy XIV muli ndalama ya m'gemu yotchedwa poetics, imene imagula zida zabwino za pa level 50, 60, 70, 80 ndi 90 popanda kulowa raid yovuta, ndipo raid yatsopano ya mlingo wovuta wotchedwa Savage ikatsegulidwa, zida zosulidwa ndi osewera anzanu zimapezeka pamsika wa m'gemu, zokwanira kuyambira. Guild Wars 2 inatenga njira ina: level yomaliza yakhala 80 kuyambira 2012, moti wongofika amangofunika kupeza zida zabwino kamodzi basi. Chimene mkhalakale amatsala nacho ndi nyama zokwera, zovala zodzionetsera ndi mayina aulemu, ndipo zonsezo sizipha boss.

Ndivomere kuti ku Old School RuneScape nkhani ndi yosiyanako. Kumeneko palibe chimene chimafafanizidwa, ndipo kukweza luso la msilikali wanu mpaka kufika poyenera raid kumatenga miyezi. Komabe ngakhale kumeneko, raid ya Tombs of Amascut imene inatuluka mu 2022 imalola gulu kusankha lokha kuuma kwa nkhondo, kuyambira pa mlingo wophunzirira, ndipo munthu angathe kulowa yekha kapena ndi anzake mpaka kukwana 8. Gemuyi imasewerekanso pa foni kuyambira 2018, chinthu chimene kwathu kuno si chaching'ono.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba, ndipo aliyense amene anatsegulapo mndandanda wa magulu ofuna anthu amaidziwa. Atsogoleri amafuna umboni wakuti unaphapo kale boss amene ukufuna kukapha. Mu World of Warcraft amafunsa chizindikiro cha Ahead of the Curve, chimene chimaperekedwa kwa wogwetsa boss womaliza pa mlingo wa Heroic nyengo yake isanathe, ndipo ena amakayang'ananso mbiri ya kamenyedwe kako pa webusaiti ya Warcraft Logs. Mu Guild Wars 2 amafuna kill proof, tizinthu timene timagwa boss akafa, ndipo amachita kutchula nambala yake. Mu Final Fantasy XIV mtsogoleri angathe kutchera kuti alowe okhawo amene anamaliza kale nkhondoyo. Otsutsa amati zili chimodzimodzi zotsatsa ntchito za m'nyuzipepala, zofuna munthu wa zaka 5 pantchito pamene wowerengayo wangovula gauni dzulo. Pamenepa akunena zoona, ndipo kukanidwa ka 20 usiku umodzi kumafooketsa munthu.

Koma taonani amene akukanayo kuti ndi ndani. Ndi munthu amene wasonkhanitsa alendo okhaokha kwa maola awiri, ndipo mawa sadzawaonanso. Ali ngati wolemba aganyu okweza matumba a simenti mu lole ku Limbe, amene akungofuna katundu akwere dzuwa lisanalowe, za kuphunzitsa munthu alibe nazo ntchito. Kumupsera mtima n'kutaya nthawi, ndipo kumunamiza n'koipa koposa, chifukwa boss amaulula bodza m'mphindi yoyamba. Chofunika n'kuwerenga mawu amene alembedwa pa gululo. Pamene palembedwa farm, reclear kapena experienced, pamenepo si panu. Pamene palembedwa learning, training, practice kapena fresh, akuitana inuyo. Mawu oti prog nthawi zambiri amatsagana ndi dzina la gawo la nkhondo limene gululo lafika, kotero musalowe ngati gawo limenelo simunalifikepo. Nthawinso ili ndi mbali yake. Mphotho za raid zimatsegukanso sabata iliyonse, Lachitatu pa maseva a ku Ulaya a World of Warcraft, Lachiwiri 10 koloko m'mawa nthawi yathu ku Final Fantasy XIV. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake madolo amakhala pa liwiro. Magulu ophunzira muziwasaka kumapeto kwa sabata, ndiponso m'masabata oyambirira raid yatsopano ikangotuluka, pamene aliyense amakhala mlendo.

Chinanso chimene otsutsa amaiwala n'chakuti raid ili ndi makwerero. World of Warcraft yoyambirira inkafuna anthu 40 ku raid ya Molten Core, ndipo wopanda guild yaikulu ankangomva nkhani. Kumapeto kwa 2011 kunabwera Raid Finder, imene imakusonkhanitsani yokha ndi anthu ena popanda wokufunsani umboni, bola item level yakwana. Nkhondo yake ndi yofewetsedwa, madolo amainyoza, koma ndimo mmene mumaoneramo bwalo, kayendedwe ka boss ndi pamene moto umagwera. Mukachoka apo pali Normal ndi Heroic, zolandira anthu kuyambira 10 mpaka 30, kenako Mythic ya anthu 20 ndendende. Ku Final Fantasy XIV makwerero amayambira pa level 15 ndi Hall of the Novice, kumene gemu imakuphunzitsani udindo wanu, kenako mapanga a anthu 4, kenako pa level 50 raid ya anthu 24 ya Crystal Tower, imene aliyense ayenera kudutsamo kuti nkhani ya gemu ipitirire. N'chifukwa chake raid imeneyi sisowa anthu ngakhale ndi yakale. Gemu imatsitsa mphamvu za amkhalakale kuti zilingane ndi nkhondoyo, imaika kamphukira kobiriwira pambali pa dzina lanu kuti onse adziwe kuti ndinu watsopano, ndipo imawonjezera mphotho kwa gulu lonse ngati nkhondoyo mukuilowa koyamba. Apa mlendo amachita kubweretsa phindu. Wodumpha makwerero amenewa n'kuthamangira Savage kapena Heroic ndi amene amabwerako akuti anthu a m'gemu ndi ankhanza.

Tsono khomo lenileni ndi guild, ndipo kusankha kwake kumayamba ndi seva. Wa ku Malawi asankhe Ulaya, chifukwa cha mtunda komanso wotchi. Kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Germany ndi France imafanana ndi yathu, ndipo miyezi yotsalayo ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi, moti raid ya 8 koloko madzulo kwa iwo imakhala 8 kapena 9 koloko kuno. Ya 8 koloko madzulo ku New York imatipeza 2 kapena 3 koloko usiku, ndipo palibe wapantchito kapena wophunzira amene angapirire zimenezo mwezi wathunthu. Samalaninso chilankhulo: maseva a ku Ulaya a World of Warcraft analembedwa kuti awa ndi a Chingerezi, awa Chijeremani, awa Chifalansa, ndipo wolowa mwachisawawa amakapezeka pakati pa anthu amene sakuwamva. Koma langizo limene ndimaliona lofunika koposa ndi ili: funani guild imene muli anthu a ku South Africa. Ambiri a iwo amasewera pa maseva a ku Ulaya, wotchi yawo ndi yathu yomweyi chaka chonse, ndipo za kuzima kwa magetsi sachita kufotokozeredwa.

Guild imapezeka pa chida chofufuzira cha m'gemu momwemo kapena pa Discord, kumene magulu ambiri a raid amalankhulirana. Musanalowe funsani zinthu zenizeni: amasewera masiku ati ndi maola angati, tsiku la ophunzira lilipo kapena ayi, zida zikagwa amagawana motani, ndipo munthu akaduka pa netiweki nkhondo ili mkati amatani naye. Inunso dzifotokozeni mosabisa. Nenani udindo wanu ndi item level yanu, raid imene mwaiona kale pa mlingo wofewa, masiku awiri amene mungapezeke mosalephera, ndiponso kuti muli ku Malawi, ping yanu (nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera) ndi yakuti, ndipo magetsi akazima mumabwerera pakatha mphindi zingati. Mtsogoleri wanzeru amakonda uthenga wotere kuposa wodzitama, pakuti chimene chimamusowetsa tulo ndi anthu olonjeza Lachinayi n'kusaoneka. Woyamba Final Fantasy XIV pa mwayi waulere adziwe kuti mwayiwo umamupatsa nkhani yoyamba pamodzi ndi zigawo zotsatira monga Heavensward ndi Stormblood, koma sumulola kulowa Free Company, limene ndi dzina la guild kumeneko, kapena kugula pamsika. Aphunzirirepo kaye, adzalipire akafika pofuna gulu lokhazikika.

Tsopano ndifike pa mfundo yathuyathu, imene mnyamata wa ku Frankfurt saiganizira n'komwe: netiweki ndi magetsi. Otsutsa amati ngakhale guild itakulandira udzakhala mtolo, chifukwa chilichonse umachiona mochedwa, ndipo tsiku lina udzazimirira boss atatsala pang'ono kufa. Mbali yoyamba ya mfundoyi ili ndi maziko amene sitingawasinthe. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho uthenga wochoka pa kompyuta ya ku Chilomoni umayamba wadutsa m'mayiko oyandikana nafe kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, n'kuyenda makilomita oposa 10,000 mpaka ku Ulaya, kenako n'kubwerera. Kuwala m'chingwe kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, moti mtunda wokhawo umadya mamilisekondi oposa 100 musanawerengere makina a m'njira. N'chifukwa chake ping yathu imazungulira cha pa 200, ndipo palibe bandulo imene ingafupikitse mtunda.

Komabe ping ya 200 ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi, ndipo magemu a mtundu uwu sali ngati owomberana mfuti, kumene woyamba kudina ndiye wapambana. Mu Final Fantasy XIV pakati pa kumenya kwakukulu ndi kotsatira pamapita masekondi 2.5, mu World of Warcraft 1.5 kapena kucheperapo, ndipo Old School RuneScape yonse imayendera kugunda kwa masekondi 0.6. Ma boss nawonso amatsatira ndondomeko, ndipo amachenjeza. Wa ping yokwera amapulumuka poloweza ndondomekoyo n'kuyamba kusuntha chenjezo likangooneka, matsenga amene wayamba n'kuwasiyira panjira. Ku Final Fantasy XIV ichi n'chofunika zedi, chifukwa seva imaweruza amene wapsa pa nthawi imene chizindikiro cha pansi chikuzimirira, moto usanaoneke n'komwe. Mukhoza kudziona muli panja koma n'kufa, popeza seva inakuonani mukadali mkati. Poyamba pewaninso asilikali ofuna mabatani ambiri mothinana, monga Ninja ndi Machinist, mutenge odekha ngati Summoner kapena White Mage. Mdani weniweni ndi ping yodumphadumpha, 190 pano, 900 kenako, ndi uthenga wotayika m'njira. Yesani netiweki yanu pa ola lenileni la raid, chifukwa ya 10 koloko m'mawa imasiyana ndi ya 8 koloko madzulo, dera lonse likakhala pa TikTok. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe m'malo modalira Wi-Fi yodutsa makoma awiri, ikani rauta ya simukhadi pawindo loyang'ana nsanja ya netiweki, ndipo pemphani a m'nyumba kuti apumitse mavidiyo kwa maola awiriwo.

Za magetsi zimafuna kukonzekeratu. Rauta imadya mphamvu yochepa, cha m'mawati 10, ndipo ka UPS kakang'ono ka rauta, kabatire kosungira magetsi, kamaiyendetsa maola angapo. Onani kaye kumbuyo kwake ngati imafuna mavoti 9 kapena 12 musanagule. Laputopu imaposa kompyuta ya pa tebulo pa nkhani iyi, koma gemu imamwa batire msanga, ola limodzi kapena awiri basi, choncho magetsi akangozima tsitsani kukongola kwa zithunzi ndi kuwala kwa sikirini. UPS wamba ya kompyuta ya pa tebulo imakupatsani mphindi zochepa, zongokwanira kutsanzika. Khalani ndi foni ya kampani ina, Airtel ngati rauta ndi ya TNM kapena mosinthanitsa, bandulo ili kale, chingwe cha USB chili pompo, ndipo yeserani kusinthako masana mpaka muzitha pa mphindi ziwiri. Ngati ndondomeko ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu yagwera tsiku la raid, nenani m'mawa kuti apeze wolowa m'malo. Pa nkhani ya data anthu amaopa kumbali yolakwika. Kusewera kwenikweniko kumadya mamegabaiti makumi angapo pa ola. Chopsereza bandulo ndi kukopera gemuyo, pakuti World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV zimafuna malo oposa magigabaiti 100 pa kompyuta. Tengani foda yonse ya gemu kwa mnzanu pa hard drive, muilozere pulogalamu yoyambitsira gemu kuti ingotenga zotsala, akaunti yokha ikhale yanuyanu. Tcherani metered connection pa Windows kuti isayambe kudzikonza nkhondo ili mkati, ndipo tsegulani gemu masana a tsiku la raid, kuopa kupeza zosintha za magigabaiti angapo anzanu 19 akudikira.

Apa ndisiyane ndi malangizo amene amabwerezedwa kwambiri. Amati wofuna kupeza gulu msanga akhale tank, wokoka mkwiyo wa boss n'kulandira nkhonya, kapena healer, wochiza anzake, chifukwa maudindo awiriwa amasowa pamene omenya, a DPS, ali mbwee. N'zoona kuti mzere wa tank ndi healer ndi waufupi, koma malangizowo ndi a anthu amene magetsi awo sazima. M'gulu la anthu 8 la Final Fantasy XIV muli ma tank 2, ma healer 2 ndi a DPS 4, ndipo raid ya World of Warcraft nthawi zambiri imakhala ndi ma tank 2 okha ngakhale anthu atakhala 25. Tank mmodzi akaduka, boss amatembenukira gulu ndipo onse amagona pansi m'masekondi ochepa. Wa DPS mmodzi mwa 15 akaduka, nkhondo imangotalikirapo. Choncho amene magetsi ndi netiweki yake n'zosadalirika ayambe ndi DPS womenyera patali, amenenso amaona bwalo lonse n'kuphunzira msanga. Amene wakonza batire ndi netiweki yachiwiri atenge healer, magulu adzachita kumufuna okha. Udindo wa tank ubwere pambuyo, nkhondo mutaidziwa. Ku Guild Wars 2 kuli mpata wina wapakati: gulu la anthu 10 limagawidwa pawiri, ndipo kagulu kalikonse ka 5 kamafuna wopereka quickness ndi wopereka alacrity, mphamvu zofulumizitsa anzawo. Wophunzira udindo umenewu sasaka gulu nthawi yaitali.

Nanga aja amati ingolipira akunyamule? Mfundo yawo ndi yakuti nthawi ndi yodula, ndipo ukangopeza chizindikiro chija aliyense amakulandira. Pali zinthu ziwiri zosiyana pano. Kampani yeniyeniyo imagulitsa kudumphitsa level, ndipo kumeneko sikuphwanya lamulo, koma kumakusiyani ndi msilikali wa mabatani ankhaninkhani amene simukudziwa ntchito yake, pamene wokwera pang'onopang'ono analandira batani limodzilimodzi n'kulizolowera. Chachiwiri ndi kulipira anthu apadera ndalama zenizeni, mwinanso kuwapatsa akaunti yanu kuti akusewerereni. Malamulo a magemuwa amaletsa malonda otere, akaunti imatha kutsekedwa, ndipo wokuberani mulibe kokamusumira. Ganiziraninso thumba lathu. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo kulipira mwezi umodzi wokha wa gemu pa khadi ndi nkhani kale. Koma tiyerekeze kuti zonse zayenda, chizindikiro mwachipeza. Gulu lotsatira lidzakulandirani ngati dolo, silidzafotokoza kalikonse, ndipo mudzafa pa msampha woyamba anthu onse akuona. Wonena kuti ndi watsopano amakhululukidwa, koma wobwera ndi umboni wogula amachotsedwa, dzina lake n'kusungidwa. Zili ngati laisensi yogula: pepala muli nalo, koma pa msewu wa Masauko Chipembere 5 koloko madzulo pepalalo siligwira chiwongolero.

Enanso amati bola kudikira gemu yatsopano, kumene onse adzayambire pamodzi. Yankho lake ndi lalifupi. Gemu yakale inayesedwa kale ndipo ili ndi mavidiyo ofotokoza boss aliyense, pamene yatsopano ilibe chitsimikizo chakuti idzakhalitsa. WildStar inatuluka mu 2014 ikudzitama ndi ma raid ovuta a anthu mpaka 40 komanso mndandanda wautali wa ziyeso munthu asanaloledwe kulowamo. Mu Novembala 2018 maseva ake anatsekedwa.

Nkhani ya WildStar ikundifikitsa kwa amkhalakale, kuphatikizapo a konkuno amene anafika kale pamwamba. Dandaulo lawo ndi lomveka: munthu waweruka ku ntchito, walimbana ndi minibasi, ali ndi maola awiri okha, bandulo wagula ndi ndalama zake, ndiye aziwonongera pa kufa kambirimbiri chifukwa cha mlendo amene vidiyo sanaonere n'komwe? Sindikuti usiku uliwonse ukhale sukulu. Wobwera naye ali ndi ngongole yake: afike mphindi 15 nthawi isanakwane, zida atakonzetsa, chakudya ndi mankhwala a m'gemu zili m'thumba, vidiyo ya boss ataonera kawiri, Discord atayesa, ndipo akalakwitsa anene yekha asanafunsidwe. Safunsa anadya phula, inde, koma wofunsa zimene zili mu vidiyo ya mphindi 8 akuba nthawi ya anthu. Ngakhale zili choncho, achimwene, guild imene siphunzitsa imatha ngati makatani. Anthu amakwatira, amasamuka, amasintha ntchito, amatopa. Mythic inayezedwera anthu 20, ndipo tsiku limene mwapezeka 18 mumabalalika osamenya, ngakhale onse 18 atakhala madolo. Kwaya ya kutchalitchi imadziwa izi. Imakhala ndi tsiku la pulakatisi mkati mwa sabata, kumene watsopano amaphonya mawu popanda manyazi, n'cholinga choti Lamlungu benchi la besi lisakhale lopanda munthu.

Usiku wophunzitsawo uli ndi kachitidwe kake, ndipo ambiri amaulephera chifukwa cholankhula kwambiri. Ukhale tsiku lodziwika, kamodzi pa sabata, madolo atatenga kale mphotho zawo kuti pasakhale wowawidwa mtima. M'gulu la anthu 10, amkhalakale 4 agwire maudindo amene akalakwika onse amafa, wa tank ndi wa healer, atsopano 6 atenge otsalawo. Sankhani ma boss awiri kapena atatu, raid yonse muisiye. Musanayambe fotokozani zinthu zitatu zokha zimene zimapha, mulowe, mufe, kenako muwonjezere chachinayi, pakuti munthu samva za msampha umene sanauone. Gulu likagwa alankhule munthu mmodzi, atchule cholakwika ndi kakonzedwe kake osatchula dzina pagulu, ndipo wofunika kudzudzulidwa alemberedwe payekha. Ikani malire a maola awiri, muwasunge ngakhale boss atatsala ndi 3 peresenti, chifukwa wina batire ikumuthera ndipo wina mawa ali ndi mayeso. Wophunzira amene wafika masabata 4 otsatizana mpatseni malo pa benchi la gulu lalikulu, ndipo tsiku limene mmodzi wa 20 aja magetsi amuthimira, muitaneni iyeyo musanapite kukasaka mlendo pa mndandanda.